Kadontho kakang'ono nakonso ndi madzi

Pakati pa akatswiri a fizikisi amene amawombanitsa maphata a maatomu pali mkangano umene ukukana kuzilala. Unabuka mu September 2010 ku CERN, malo aakulu ofufuzira za fizikisi pafupi ndi mzinda wa Geneva, pamene gulu la akatswiri lotchedwa CMS linalengeza chinthu chimene palibe ankachiyembekezera. Mapulotoni awiri okha akawombana n'kubala tizidutswa tambiri, tizidutswato timatuluka mogwirizana, ngati tachita kupangana kolowera. Khalidwe limeneli linkadziwika kale, koma linkadziwika pa kuwombana kwa maphata akuluakulu ngati a golide, pamene aliyense amavomereza kuti pamapangika kadontho kotentha koopsa ka chinthu chamadzimadzi chotchedwa quark-gluon plasma. Tsono funso linali lakuti, kodi mapulotoni awiri, kapena pulotoni imodzi ikamenya phata la mtovu, angapange kadontho komweko? Ena akuti inde. Ena akuti ayi, kwangofanana maonekedwe basi. Ine ndili kumbali ya oti inde, ndipo chifukwa changa n'chachidule: umboni umene tinaulandira ndi manja awiri pa golide ndi mtovu sitingautaye poti waonekera pamalo pamene sitinkaufuna. Chinthu chimakhala chamadzimadzi chifukwa cha mmene tizidutswa take tikukankhirana, ndipo kuchuluka kwa tizidutswato n'kwachiwiri.

Kuti mkanganowu umveke tiyenera kuyamba ndi zimene onse amagwirizana. Phata la atomu ya golide lili ndi mapulotoni ndi manyutuloni 197, la mtovu lili ndi 208. Pulotoni kapena nyutuloni iliyonse ndi kamtolo ka tizidutswa ting'onoting'ono totchedwa ma quark, tomangidwa ndi tina totchedwa ma gluon, ndipo m'chilengedwe chimene tikukhalamo quark siyenda yokha. Makina a RHIC, amene anayamba kugwira ntchito mu 2000 ku Brookhaven m'chigawo cha New York, ndi makina a LHC a ku CERN, amene amazungulira makilomita 27 pansi panthaka, anapangidwa kuti azithamangitsa tizidutswa mpaka kuyandikira liwiro la kuwala. Maphata awiri akakumana, timitolo tija timasungunuka. Mu 2010 akatswiri a ku RHIC anayeza kutentha kwa madigiri pafupifupi 4 thililiyoni, kuposa pakati pa dzuwa maulendo 250,000. Chosungunukacho sichikhalitsa: moyo wake wonse ndi wofanana ndi nthawi imene kuwala kumatenga kuti kudutse phata limodzi kapena awiri. Palibe amene anachionapo ndi maso, ngakhale ndi makina. Chimene chimafika m'makina ounikira ndi zotsala zake, tizidutswa masauzande timene timamwazika kadonthoko kakazizira. Zonse zimene timadziwa za quark-gluon plasma, imene inadzaza chilengedwe chonse chisanakwanitse ngakhale kagawo kamodzi mwa magawo 10,000 a sekondi, timazidziwa powerenga kumene zotsalazo zalowera.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, choncho ndichedwapo pang'ono. Maphata awiri sawombana chamutu nthawi zonse. Kawirikawiri amapsitirana, ndipo malo amene akhudzana amakhala ooneka ngati diso la munthu, aatali mbali imodzi, aafupi mbali inayo. Tsopano taganizirani chipinda chachitali koma chopapatiza, makoma ake atachotsedwa mwadzidzidzi. Ngati munali anthu ochepa, osagundana, aliyense adzapita kumene anayang'ana, ndipo woona ali kutali sangadziwe kuti chipindacho chinali chooneka bwanji. Koma ngati anthu anali atapanikizana, phewa ndi phewa, apakati adzakankhira kunja, ndipo kukankhako kudzakula mbali imene kunja kuli pafupi. Khamu lidzakhuthukira m'mbali zopapatiza. Ndiye kuti maonekedwe a chipinda asanduka njira imene anthu athawira. Jean-Yves Ollitrault ananeneratu zimenezi mu 1992, ndipo dzina lake m'chinenero cha akatswiri ndi elliptic flow. RHIC isanayambe, ambiri ankaganiza kuti ma quark akamasuka adzakhala ngati mpweya, aliyense payekha. Zoyeza zinasonyeza zosiyana: tizidutswa tinkakhuthukira mbali yaifupi mwamphamvu ndithu, monga mmene masamu a kayendedwe ka madzi ankanenera. Mu April 2005 magulu anayi a ku RHIC, amene ndi STAR, PHENIX, PHOBOS ndi BRAHMS, analengeza kuti apeza chamadzimadzi choyenda mosavuta kuposa china chilichonse chodziwika, chosananda ngati phula, choyandikira malire otsikitsitsa a kunanda amene akatswiri atatu, Kovtun, Son ndi Starinets, anawerengetsa. Patapita zaka zisanu Burak Alver ndi Gunther Roland anaonjezera mfundo ina: mapulotoni ndi manyutuloni sakhala pamzere wokonzeka mkati mwa phata, choncho kadontho kamabadwa kabumphubumphu, nthawi zina ka ngodya zitatu, ndipo ngodya zitatuzo nazo zimaonekera m'kamwazikidwe ka zotsala. Palinso chizindikiro china chimene ine ndimachikonda kwambiri. Tizidutswa tolemera ndi topepuka timatuluka titatengedwa ndi liwiro limodzi, ngati chipika ndi tsamba mumtsinje umodzi.

Umboni wa madzi ndi umenewo, ndipo pa golide ndi mtovu palibe amautsutsa. Vuto n'lakuti zizindikiro zomwezo zinayamba kutulukira chimodzichimodzi pa kuwombana kwakung'ono. Mu 2012, LHC itawombanitsa mapulotoni ndi mtovu, magulu a ku CERN a CMS, ALICE ndi ATLAS onse anaona mgwirizano uja, wamphamvu kuposa wa mapulotoni okhaokha. Kusanjika kwa tolemera ndi topepuka nakonso kunaoneka. Mu 2017 ALICE inasonyeza kuti tizidutswa tokhala ndi quark yotchedwa strange timachuluka pang'onopang'ono pamene kuwombana kukubala tizidutswa tambiri, kuyambira pa mapulotoni awiri mpaka pa mtovu, popanda kudumpha paliponse.

Chotsutsa choyamba, chimene chimabwera msanga m'mutu mwa aliyense, ndi cha chiwerengero. Dontho la madzi akumwa lili ndi mamolekyu ochuluka moti nambala yake ili ndi maziro oposa 20. Kuwombana kwa mapulotoni kumene CMS inasankha mu 2010 kunkabala tizidutswa toposa 100 pang'ono. Otsutsa akuti mawu ngati kutentha, kupanikizika ndi kuyenda kwa madzi amakhala ndi tanthauzo pokhapokha tinthu tachuluka kwambiri, ndipo kunena za madzi a tizidutswa 100 kuli ngati kutcha anthu asanu khamu. Mfundoyi si yopusa, ndipo ndi imene imaphunzitsidwa m'kalasi. Koma ili ndi pobowoka pawiri. Poyamba, kadontho ka mtovu kamene onse amakavomereza kamabala tizidutswa masauzande makumi ochepa chabe, chiwerengero chimene poyerekeza ndi dontho la madzi akumwa n'chimodzimodzi ndi kupanda kanthu. Amene anavomera 20,000 n'kukana 100 atiuze pamene mzere wadutsa, ndi chifukwa chake wadutsa pamenepo, popeza zoyeza sizisonyeza mzere uliwonse. Kachiwiri, chimene chimalamula si chiwerengero, ndi mtunda umene kachidutswa kamayenda kasanagunde kanzake poyerekeza ndi kukula kwa malo. Anthu asanu m'bwalo la mpira si khamu, zoonadi. Anthu asanu omwewo atapanikizana pakhomo limodzi lopapatiza amakankhana ngati khamu, ndipo wapakati amapita kumene sakufuna. Zimenezi zinayesedwapo ndi maatomu enieni, kumapeto ena a muyeso wa kutentha, kozizira koopsa. Mu 2002, ku yunivesite ya Duke, gulu la John Thomas linaziziritsa maatomu a lithium, n'kuwachititsa kuti azikankhana mwamphamvu, kenako n'kuwamasula ali mumpangidwe wautali. Mtambo wa maatomuwo unafutukuka msanga mbali yaifupi, ndendende ngati kadontho ka golide. Posachedwapa akatswiri a ku Heidelberg anabwereza zofanana ndi zimenezi ndi maatomu 10 okha, ndipo khalidwe lija linaonekabe. Munthu angathe kuwawerenga ndi zala za m'manja, koma ankayenda ngati madzi.

Chotsutsa chachiwiri ndipita nacho msanga, chifukwa chinayankhidwa kale mokwanira. Ena ankati mgwirizanowo ndi wa tizidutswa tapachibale, tochokera ku quark imodzi yothamanga imene yaphulika kukhala mtsinje wopapatiza wotchedwa jet, kapena tobadwa pa kusweka kwa kachidutswa kamodzi. Zoterezi zilipodi, ndipo pa kuwombana kwakung'ono zimasokoneza kwambiri. Koma ubale wotere ndi wa tizidutswa tiwiri kapena titatu. Akatswiri atayeza mgwirizano wa tizidutswa tinayi, tisanu ndi kamodzi, mpaka tisanu ndi titatu nthawi imodzi pa pulotoni ndi mtovu, yankho linatuluka pafupifupi lofanana, kusonyeza kuti gulu lonse likudziwa mbali imodzi. Kuwonjezera apo, mu 2019 ena anafukula zoyeza zakale za makina ounikira a ALEPH ku CERN, pamene tizidutswa topepuka kwambiri topanda ma quark, totchedwa ma electron ndi ma positron, tinkawombana. Kumeneko ma jet ndi osasowa, koma mgwirizano wa mtundu uja sunapezeke.

Chotsutsa chachitatu n'chakuya kuposa ziwirizi, ndipo chili ndi akatswiri odziwika kumbuyo kwake. Iwo akuti mgwirizanowo ndi weniweni, koma sunabadwe chifukwa cha kukankhana pambuyo pa kuwombana. Unalipo kale. Pulotoni ikathamanga kwambiri imadzaza ndi ma gluon othithikana, chimene amachitcha colour glass condensate, ndipo ma gluon amenewa ali ndi mbali imene apendekera kuwombana kusanachitike. Mwachidule, anthu a m'chipinda chija sanakankhane, anangolowa atayang'ana kale mbali imodzi. Ubwino wa maganizo amenewa ndi wakuti angathe kuyesedwa, ndipo gulu la PHENIX linawayesa mochenjera. Linamenya golide ndi zipolopolo zitatu zosiyana mpangidwe: pulotoni, imene imasiya kadontho kamodzi kozungulira, deuteron, imene ili ndi pulotoni ndi nyutuloni ndipo imasiya timadontho tiwiri togundizana, totalika, ndi helium-3, imene imasiya timadontho titatu ngati mafuwa. Ngati madzi ndiwo akugwira ntchito, mpangidwe uyenera kuonekera: deuteron ndi helium-3 ziyenera kuposa pulotoni pa kukhuthukira mbali ziwiri, ndipo helium-3 iyenera kutsogola pa ngodya zitatu. Ngati nkhani ndi ya ma gluon opendekera kale, kuchuluka kwa timadontho kuyenera kufooketsa mgwirizano, popeza kalikonse kapendekera kwakekwake. Zotsatira zinatuluka mu December 2018, ndipo zinatsata dongosolo limene masamu a madzi anali atanena kale. Chilungamo chikundikakamiza kuonjezera kuti mu 2023 gulu la STAR, poyeza zipolopolo zitatu zomwezo mwa njira yake, linapeza kuti pa ngodya zitatu sizisiyana kwenikweni. Ena anaona ngati apa mlandu wagwa. Koma taonani mmene STAR inafotokozera zimene inapeza: pulotoni nayo ndi yabumphubumphu mkati mwake, choncho ngakhale pulotoni imodzi ingasiye kadontho ka ngodya. Magulu awiriwa akusiyana pa mpangidwe umene kadontho kamabadwa nawo ndi pa malo amene makina awo amaunika. Onse awiri akufotokoza zoyeza zawo ndi mpangidwe umene wasanduka kayendedwe, ndipo chimene chimasandutsa mpangidwe kukhala kayendedwe ndi kukankhana.

Tsopano ndifike pa chotsutsa chimene chimandisowetsa tulo, ndipo sindichichepetsa. Pa golide ndi mtovu, madzi aja ali ndi umboni wachiwiri woima paokha. Quark yothamanga kwambiri ikabadwira mkati mwa kadontho imayenera kudutsamo kuti ituluke, ndipo imataya mphamvu m'njira, moti tizidutswa tothamanga kwambiri timapezeka tochepa kuposa mmene tinayenera kukhalira. Pa pulotoni ndi mtovu kuchepa kumeneku sikunaoneke. Choipa kwambiri kwa ife a mbali ino n'chakuti mu 2003, RHIC itawombanitsa deuteron ndi golide, kusowa kwa kuchepa kumeneku ndiko kunagwiritsidwa ntchito ngati chitsimikizo chakuti pa golide ndi golide pali chinthu chatsopano chimene pa deuteron palibe. Otsutsa ali ndi ufulu wofunsa kuti madzi otani amene amakankha tizidutswa toyenda pang'onopang'ono koma osagwira tothamanga. Yankho langa lili pa kutalika kwa njira. Mphamvu imene quark imataya imakula msanga kuposa mtunda umene yayenda, moti njira ikafupika ndi theka, chotayika chimatsika kuposa theka. Munthu wothamanga akaponda chithaphwi cha phazi limodzi liwiro lake silisintha moti n'kuzindikira, koma akalowa mumtsinje waukulu amaima. Chithaphwicho sichileka kukhala madzi poti chalephera kumuimitsa. Ndikudziwa kuti yankho lotere lingamveke ngati lothawira, ndipo likanakhaladi lothawira pakanapanda njira yoliyesera. Njirayo inapezeka pakati pa 2025, pamene LHC inawombanitsa maphata a okosijeni, a tizidutswa 16, ndi a neon, a tizidutswa 20. Kukula kwake kuli pakati, ndipo amabala tizidutswa tochuluka mofanana ndi pulotoni ikamenya mtovu mwamphamvu, koma mpangidwe wake umadziwika bwino. CMS inapeza kuti pa okosijeni tizidutswa tothamanga tachepadi. ALICE, ATLAS ndi CMS anaonanso kuti neon, imene phata lake n'lotalika, lonenepa kumodzi ndi kuonda kwina, imakhuthukira mbali ziwiri kuposa okosijeni ikawombana chamutu. Izi sizikutseka nkhani ya pulotoni ndi mtovu. Koma chizindikiro chimene ankati chikusowa chatsika kuchokera pa 208 kufika pa 16, ndipo chatsika mwa njira imene a mbali ya madzi ankayembekezera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali gulu lina limene limaima pakati, ndipo kunena zoona ndilo limandikwiyitsa pang'ono, ngakhale mfundo yake ili ndi nzeru. Iwo amavomereza kuti tizidutswa timagundana pambuyo pa kuwombana, koma akuti timagundana kamodzi kapena kawiri basi, kenako timapulumukira mbali imene njira ili yaifupi. Zimenezi zingabale maonekedwe ofanana popanda madzi enieni. Amaonjezera kuti masamu a madzi ali ndi timabatani tambiri tosintha, moti katswiri wakhama angawapotoze mpaka agwirizane ndi chilichonse. Pa za timabatani, yankho lilipo. Mu 2017 Ryan Weller ndi Paul Romatschke anatenga masamu amodzi, kunanda kwa madzi n'kukusiya kofanana, ndipo anafotokoza nawo mapulotoni awiri, pulotoni ndi mtovu, ndiponso mtovu ndi mtovu. Pa za kugundana kamodzi kapena kawiri, ndikuvomera kuti kumunsi kwenikweni, pamene tizidutswa tatuluka tochepa, umu ndi mmene zilili, ndipo palibe wa mbali ino amanena kuti kuwombana kulikonse kwa mapulotoni kumabala kadontho. Kuchoka pa kugundana kochepa kufika pa madzi ndi chitunda chokwera pang'onopang'ono. Chimene ndikukana n'chakuti munthu aziti masamu a madzi akagwira ntchito pa mtovu ndi umboni, akagwira ntchito pa pulotoni ndi mwayi chabe. Walira mvula walira matope. Ngati masamu amenewa angathe kulondola mwangozi pa kadontho kakang'ono, ndiye kuti angathenso kulondola mwangozi pa kakakulu, ndipo chilengezo cha 2005 chija chiyenera kubwerera pa tebulo limodzi ndi kunanda konse kumene takhala tikuwerengetsa. Sindinamvepo wotsutsa amene ali wokonzeka kulipira mtengo umenewo, ndipo sayenera kuulipira, chifukwa masamuwo akupitiriza kubala zipatso. Mu 2024 STAR inawagwiritsa ntchito chobwerera, kuchokera pa kamwazikidwe ka zotsala mpaka kupeza mpangidwe wa phata la uranium-238, ndipo kutalika kumene inapeza kunagwirizana kwambiri ndi zimene zinkadziwika kale mwa njira zina.

Wina angafunse kuti dzina lili ndi ntchito yanji, bola zoyeza zilipo. Ntchito yake ndi yaikulu ndipo ndi ya tsiku ndi tsiku. Kwa zaka zambiri, kuwombana kwa mapulotoni awiri ndiko kwakhala muyeso wa chopanda kanthu. Katswiri akafuna kudziwa chimene plasma yachita, amatenga zotsatira za mtovu n'kuziyerekeza ndi za mapulotoni, poganiza kuti kwa mapulotoni kulibe plasma. Mapulogalamu a pakompyuta otchuka oyerekezera kuwombana kwa mapulotoni, monga PYTHIA, anamangidwa poyamba pa maganizo akuti tizidutswa tikabadwa timatuluka osalabadirana, ndipo olemba ake akhala akuonjezeramo njira zokankhirana pofuna kutsata zimene zinaoneka kuyambira 2010. Kuonjezerako pakokha ndi kuvomera kuti chinachake chikukankhana. Ngati kuwombana kwina kwa mapulotoni kumabala timadontho, ndiye kuti muyeso wathu wa pouma uli ndi chinyontho, ndipo manambala ena a mtovu ayenera kuwerengedwa ndi diso limenelo.

Kwa amene akukanabe, chimene ndikupempha n'chimodzi, ndipo n'chimene a mbali ya madzi anachita kale kawiri, helium-3 isanayezedwe ndiponso okosijeni isanayezedwe. Abweretse mawerengedwe amodzi opanda madzi, awalembe zoyeza zatsopano zisanatuluke, ndipo mawerengedwewo afotokoze pamodzi pulotoni, deuteron, helium-3, okosijeni ndi neon, kuphatikizapo kusanjika kwa tizidutswa tolemera ndi topepuka. Zoyeza za okosijeni ndi neon za 2025 zidakali kusanthulidwa, ndipo zambiri mwa izo sizinasindikizidwe, choncho mpata wolemba zoneneratu udakalipo.